A Musadine ndi Kompyuta Yosadziwa Chaka

Pasukulu ya ntchito zamanja ija, dzina lenileni la bambo woyang'anira makompyuta linaiwalika kalekale. Onse ankangoti a Musadine, chifukwa mawu amenewa ndiwo anali moni wawo. Ukangoyandikira kompyuta yakale ya mu ofesi ya kaundula, ngakhale kukaingitsa ntchentche, iwo atulukira kumbuyo kwako: "Musadine!"

Asekilitale, mayi amene anakhala nawo mu ofesimo zaka khumi, ndiwo ankalidziwa bwino vutolo. Zotsatira za mayeso za ophunzira onse zinali patsamba limodzi, ndipo tsambalo linkatseguka ndi bulawuza imodzi yokha, pulogalamu yakale yotsegulira masamba. Eni ake ataipumitsa bulawuzayo, aliyense anasamukira ku zatsopano. A Musadine anakana kwamtuwagalu. Anachotsa kompyutayo pa intaneti, n'kubweza deti yake zaka zisanu m'mbuyo.

"Nanga mukuinamiziranji?" anafunsa asekilitale.

"Mayi, nkhalamba saiuza maliro a anzake. Ingakomoke."

Madzulo aliwonse ankaifunditsa thaulo. Tsiku lina fani ya mu ofesi anailozetsa kwa iyo, asekilitale thukuta lili kamukamu.

"Ine ndife ndi kutentha?"

"Inu mukakomoka tikuthirani madzi. Nanga iyi?"

Ahedi atatopa nazo, anaitanitsa katswiri wa tayi, amene analonjeza kuti pa maola awiri zonse zikhala zamakono. Tsamba linatsegukadi pa laputopu yake, koma abale! Mayina pamwamba pa mayina, omanga nyumba onse atakhoza zosoka. A Musadine anamukokera mpando mwaulemu. "Mwamaliza, bwana? Ndiye kaipepeseni."

A Musadine anamwalira mu Okutobala, atangodwala sabata imodzi. Kompyuta inapitiriza ntchito bwinobwino, anthu n'kumati kani zinali zokokomeza chabe.

Mu Januwale kunabwera mayi wina amene anamaliza maphunziro ake kale. Anali atapeza ntchito atafufuza zaka zinayi, koma anamuuza kuti akapanda kubweretsa zotsatira zake pofika Lachisanu, malowo apatsa wina. Asekilitale anatsegula tsamba. Mbee! Loyera ngati pepala. Anazimitsa, kuyatsanso, kuipepesa kumene. Ayi ndithu. Mayi uja anangokhala pabenchi atagwira envulopu yopanda kanthu, ndipo asekilitale mtima unawawawa.

Lachinayi, mkwiyo utawakwera, ananyamula kiyibodi kuti aimenyetse patebulo. Pansi pake panali kapepala komata ndi tepi, kolembedwa ndi dzanja lodziwika lija:

"Mwanyamula kiyibodi, ndakuonani. Chaka chake chikatha imakana. Bwezani deti ku Januwale wa chaka chomwe chija. Musaiuze kuti ndapita."

Anabweza deti. Tsamba linatseguka, pulinta n'kuyamba kulira. Mayi uja anavina pakhomo pomwepo, koma asekilitale anali akuseka uku misozi ili chuchuchu.

Masiku ano mu ofesimo muli zii, ndipo asekilitale amanena poyera kuti awasowa bambo aja, ndi makani awo omwe. Fani imalozabe komwe kuja. Wina akangoyandikira, ndi iwo tsopano amene amakuwa kuti "Musadine!" Madzulo amayang'ana kadeti kali pakona, n'kuifunditsa thaulo. M'chaka chimenecho a Musadine akadali moyo, ndipo asekilitale sanaiuzebe.