Chipsera cha a Shaba

Pali zolakwa zimene munthu umapepesa n'kutha. Chimene ndinachita ine chaka chatha sichipepeseka, ndipo ndikuchilemba pano chifukwa kunyumba atopa kundimva ndikuusa moyo.

Ndili ndi kasitudiyo pa Mzimba boma, kojambula zithunzi za ziphaso ndi za maukwati. (Chikwangwani chapakhomo chimati ndine katswiri. Ndinalemba ndekha.) Tsiku lina m'mawa kunabwera azakhali anga, aNyaTembo, kuchokera kumudzi kufupi ndi Embangweni. Ana awo anali atagwirizana zomanga chiliza cha bambo awo, a Shaba, amene anamwalira ine ndisanayambe sukulu, ndipo ankafuna kuti pachilizapo pakhale thailosi la nkhope yawo. Vuto linali loti zithunzi zonse za malemuwo zinapsa pamodzi ndi nyumba kalekale.

Azakhali anatsegula buku la nyimbo n'kutulutsa kafilimu kakuda, kaja ojambula akale ankakupatsa pamodzi ndi chithunzi.

"Kamene katsala ndi aka, mwana wane," anatero. "Ine maso anga saonapo kanthu, koma akuti iwe ungawatulutse. Ndapota, ukasunge bwino chomene."

"Ankhazi, musadandaule. Imeneyi ndi ntchito yamasewera."

Makina okopera filimu kuti ilowe m'kompyuta ndinalibe, ndiye ndinakabwereka sikana kwa mnzanga Gondwe, amene amajambula mitengo ndi mbalame ku Luwawa. Anandipatsanso mapulogalamu awiri oti ndisankhepo. Yoyamba inali yodzaza timanambala ndi timizere, yosasangalatsa m'maso. Yachiwiri inali ndi batani limodzi lalikulu lobiriwira, loti ukangolidina limachotsa fumbi, zokalika ndi zipsera zonse.

"Iwe, gwiritsa yoyambayo," anatero Gondwe. "Imatulutsa fayilo yaiwisi, yosakonzedwa, mmene filimu ilili. Imeneyo usunge, usaikhudze. Zokongoletsa uzichitira pa kope."

Ndinavomera ndi mutu, koma mtima unali kale pa batani lobiriwira.

Chilungamo chake, ndinayamba ndi yoyambayo. Inanditengera theka la tsiku, ndipo chimene chinatuluka chinali chotuwa ngati chajambulidwa m'khitchini mofuka utsi: bambo wa jekete lalikulu, madontho ponseponse, mizere yokalika uku ndi uku. Ndinachilowetsa m'pulogalamu yachiwiri n'kudina batani lija. Abale inu! Mizere yonse inachoka. Khungu linasalala, maso anawala, a Shaba anabwerera zaka khumi m'mbuyo. Ndinaimirira n'kudziombera m'manja ndekha.

Kenaka kompyuta yanga, imene ndi yokalamba kuposa mwana wanga woyamba, inayamba kudandaula kuti malo atha. Nditayang'ana, ndinapeza kuti fayilo yaiwisi ija ndi imene yadya malo ambiri. Ndinaganiza kuti munthu ukaphika ndiwo susunga makoko. Ndinaifufuta, ndipo kompyuta itandifunsa ngati ndatsimikiza, ndinakwiya nayo chifukwa chondikayikira.

Apa ndikanasiya, bwenzi zinthu zili bwino, popeza kafilimu kanalipo. Koma ndinaona kuti kachita chuku m'mbali, ndipo ndinati katswiri sabweza katundu wa kasitomala ali wakuda. Ndinatenga madzi ofunda, kasopo pang'ono ndi mpango wa m'thumba. (Gondwe anadzandiuza pambuyo pake kuti filimu yodyeka ndi chuku imasungunuka ikakhudza madzi. Anandiuza mokuwa.) Ndinapukuta kamodzi kokha. Jekete, nkhope ndi zonse zinatsalira pampango, ndipo m'manja mwanga munali kapulasitiki koyera mbee.

Ndinakhala pansi. Koma ndinadzilimbitsa mtima kuti chithunzi chokongola chija chilipo, ndipo ndi chimene chikufunika. Ndinachitumiza ku Lilongwe kwa oika zithunzi pa matailosi, osauza munthu aliyense za mpangowo.

Tsiku lovundukula chiliza kunasonkhana anthu ambiri, ena ochokera ku Jenda, ena ku Joni. Ine ndinavala suti n'kuima kutsogolo, kudikira kuyamikiridwa. Nsalu itachotsedwa amayi anaimba nthungululu, ana a malemu anagwedeza mitu mokhutira. Azakhali anayandikira ndi ndodo yawo, nawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda thailosi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Uyu ni njani?" anafunsa. "Ameneyu ndani?"

"Ndi adada, amama," anayankha mwana wawo wamkulu.

"Yayi. Bambo ako anali ndi chipsera pamwamba pa diso. Ng'ombe inawabaya ndi nyanga kudibi, ine ndikuchokera kotunga madzi. Ndinang'amba chitenje changa n'kuwamanga. Mbwenu, ukwati wathu unayambira pamenepo. Uyu wosalala ngati mwana wasukuluyu ine sindinakwatiwe naye."

Anthu ena anaseka chamumtima. Ine ndinayang'ananso thailosilo. Pakati pa mizere ija imene batani langa linachotsa, umodzi sunali wokalika.

"Palibe kanthu," anatero azakhali potembenukira kwa ine. "Ubweretse kafilimu kaja, utulutsenso bwinobwino."

Ndinaulula pomwepo, pamanda, pamaso pa abusa ndi achibale onse. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndikanakonda akanatero. Iwo anangoti, "Yewo," ngati akundithokoza, n'kupempha msomali kwa mmisiri amene anamanga chilizacho. Anati chipseracho achijambula okha. Anagwada, naika nsonga ya msomali pamwamba pa diso lakumanzere. Kenaka anausuntha kupita kumanja. Anatembenukira kwa ine.

"Mwana wane," anatero motsitsa mawu, "zaka zapita zambiri. Iwe ndiwe unawaona komaliza pakafilimu kaja. Chinali mbali iti?"

Sindinadziwe. Theka la tsiku ndinakhala ndi nkhope ya munthuyo pakompyuta, ndipo chimene ndinkaona ndi fumbi lokha.

Masiku ano fayilo yaiwisi ndimaisunga pawiri, ndipo kasitomala aliyense ndimamufunsa za zipsera zake mpaka ena amandiyesa wapolisi. Nzeru zimenezi zinandifika mochedwa. Azakhali tsiku lija anabweza msomali kwa mwini wake osakala paliponse, chifukwa anaopa kuwaika amuna awo chipsera pamalo pamene panalibe.