Mwala Umene Tidauika M'manda ku Wimbe

Wokayika atuluke pompano, asandithere mpweya! Ine ndayamba kung'amba zikhodzodzo ndi impso za anthu tsitsi lili bii mpaka dazi ili, ndaphunzitsa madokotala ku yunivesite, kafukufuku wanga yense ali pa miyala yomera m'njira ya mkodzo, ndiye mwana wadzulo andiuze kuti ndikunama?

Tcherani khutu. Inali nyengo yosoka fodya, dzuwa lili paliwombo, ndikutsika basi kwathu ku Wimbe ndidakumana ndi maliro a mkulu wina amene mkodzo udamutsekera sabata yathunthu mpaka kumupha. Amayi akuimba, adzukulu asenza bokosi, koma khutu langali lidatola china: go, go, go, kuchokera m'kati. Sichinali chibakera ayi. Unali mwala ukugunda fupa, ine ndimaudziwa monga mayi adziwira kulira kwa mwana wake. Mukumva?

Ndidakuwa, "Tsitsani!" Nyimbo idaduka, njiwa nazo zidangoti zii. Tidamugoneka m'chigafa, masamba a fodya ali lende pamwamba pathu osagwedezeka, thupi lozizira ngati mtsuko, ndipo ndi mpeni wodulira luzi ndidacheka pansi pa mchombo, kulowetsa dzanja, kenako mkono, mpaka phewa, n'kuzula chimwala chonga mphero, chotentha, chikupuma! Pomwepo mkodzo wa sabata yonse udaphulika, kutsata mizere, kudzaza dambo, moti chaka chimenecho anthu adathirira nazale osakumba chitsime. Ndidamusoka ndi singano ya fodya, ndisanamange mfundo yomaliza malemuwo adatsegula maso n'kufunsa amene wasiya fodya wawo padzuwa.

Koma adzukulu sadasekere. Mkulu wawo adati, "Adokotala, manda okumbakumba sagona ndi njala. Mwawalanda wakufa, atenga wamoyo." Paja mwambo wake n'kuikamo thunthu la nthochi, koma nthochi zonse m'mudzimo zidapezeka zitauma tsiku lomwelo, ndipo dzenje lidayamba kukula lokha, dothi likugumuka kulondola kumene kudaima ana. Ine ndidakulunga mwala uja m'nsalu ya maliro, amuna asanu ndi mmodzi kuunyamula akubuula, tidautsitsa ndi nyimbo zonse, dzenje n'kudzitseka lokha. Pitani lero mukaike khutu pamtumbirapo, mukaumva ukugogodabe. Ndikanama mphezi indikanthe!

Mwati bwanji, a Banda? Mkulu woukayo ali kuti kuti mukamufunse nokha? Ha, inu pakamwa panu sipadutsa ntchentche.

Ali pansi pa mtumbira womwewo. Anali bambo anga. Uthenga wa matenda udandipeza ndili kunja pamsonkhano, ndikuwerengera anzanga ophunzira pepala la miyala yomweyi, ndidati ndimalize kaye, ndipo ndidafika atawakwirira kale. Zimandiwawa mpaka lero. Koma ndikadafika asanawakwirire, anthuni, zikadachitika ndendende monga ndakuuziranimu.