Ndege ya Bokosi la Mafilizesi

Lolemba
Amake Chisomo anyamuka m'mamawa kupita kwawo ku Kapelula, kukadikira kuponi ya feteleza. Dzina lawo linalembedwa kumeneko. Abwera Lamulungu. Mawu otsanzikira: "Bokosi langa la mafilizesi musalikhudze." Ngati akuuza mwana!

Ndalikhudza. Chivindikiro chokha. Choyera, chopepuka, mpeni ukungolowa wokha. Kainjini, batire ndi rimoti zilipo kale, mng'ono wanga anatumiza kuchokera ku Joni ndege yake yoseweretsa itasweka. Chikusowa n'thupi basi. Mawailesi a Lisasadzi yense ndimakonza ndine, phiko lingandikanike?

Lachiwiri
Phiko latheka. Pamwamba lokhota, pansi lathyathyathya, kuti mpweya uzilinyamula. Zina zofunika: masipoko awiri a njinga, kansungwi, tepi, guluu.

Guluu wa pagolosale wadya phiko ine ndikuona! Langosungunuka ngati shuga m'tiyi. Amene amapanga guluu ameneyu kusukulu anangopitako kukadya phala.

Ndadula mbali imodzi ya bokosi. Bokosi la mbali zitatu ndi bokosibe.

Lachitatu
Kuyesa koyamba, m'munda wa fodya, mizere angounga kumene. A Gondwe, tenanti wa paesiteti yapafupi, atsamira khasu kuonerera. Ndaiponya ndege yanga. Mphuno m'mwamba, yaima, yagwa chagada. Kumchira kwalemera.

A Gondwe: "Kasi ndege yanu ikuuluka kapena ikuvina?"

Munthu wobwera kwa ine kuti ndimuikire mabatire m'tochi, lero ndi injiniya.

Lachinayi
Misomali itatu kumphuno kuti kulemere. Ndaiika pa zala ziwiri pansi pa phiko, yakhazikika bwinobwino. Sayansi imeneyo!

Yapita mapazi khumi, kenako yalasa mzere ngati khasu. Itatu yachuluka, iwiri yachepa, ndiye nditani? Mbali yachiwiri ya bokosi yasanduka mphuno yatsopano.

Wometa tsitsi akunyinyirika kunditchajira batire pa sola yake, akuti zinthu zosadziwika bwino zingamuphere makina. Makina ake amene amazula tsitsi m'malo mometa.

Lachisanu
Yauluka! Chinsinsi n'kuponya moyang'anana ndi mphepo, osati kuifulatira. Yazungulira kawiri pamwamba pa chigafa. Ndafuula ndekha.

Nkhuku za mudzi wonse zathawira m'tchire, zikuyesa kabawi. Nkhuku ndazikhululukira. Koma amayi ena pamjigo: "Ufiti masanasana! Lichero lawachepera?" Dziko lingatukuke bwanji ndi anthu otere?

Potera, phiko lawomba mjigo womwewo. Mbali yachitatu ndi yachinayi zapita. Chatsala n'chapansi chokha. Ndachiyang'ana nthawi yaitali, ndipo kunena zoona mantha andigwira. Dzuwa la mwezi uno ndi limene amake Chisomo amagulitsira mafilizesi pasukulu mpaka bokosi mbee.

Loweruka
Madzi akatayika saoleka. Chapansi chija ndapangira mchira. Ikauluka bwino pamaso pawo, adzamvetsa.

Yakwera mokongola, kuposa dzulo. A Gondwe mpaka avula chipewa. Kenako kavuluvulu, kuchokera kudambo, fumbi ndi mapesi. Ndadina kumanzere, ndadina kumanja, rimoti yangokhala chidole m'manja. Ndege yakakhala pansonga pa bulugama wa esiteti.

A Gondwe: "Yafika pa eyapoti, adada."

Zoyesa: miyala, legeni, nsungwi ziwiri zolumikiza. Zonse zaperewera. Mlonda akuti wokwera mtengo wa bwana akagone kupolisi. Pamsika ndafunsa bokosi lotere, akuti mwina ku Boma, mwinanso ayi.

Lamulungu
Amake Chisomo abwera masana pa kabaza, fumbi mpaka m'nsidze. Kuponi palibe. Masiku onsewo pamzere, mayina awerengedwa kawiri, lawo silinamveke. Sanalire. Amwa madzi, akhala pakhonde.

"Basi, osadandaula abambo. Dzuwa lilipo, mafilizesi atigulira thumba limodzi mvula isanagwe. Tulutsani bokosi ndilitsuke."

Lero ndilibe woti ndimunyoze. Ndasakasaka, mbuli yapezeka imodzi yokha, ndipo ndi imene ikulemba izi.

Ndawatengera kuseri kwa nyumba, ndaloza pamwamba pa bulugama. Phiko likuoneka, loyera, likugwedezeka ndi mphepo.

Akuyang'anabe.