A Chonde ndi pulogalamu yawo yamwano

Muofesi ya sukulu ija mkulu wa makompyuta anthu onse ankangomuti a Chonde, chifukwa pulogalamu imene analemba yosungira malikisi a ana sinkagwira ntchito usanaipemphe. Ukalemba dzina lake pa sikirini yakuda ija, unkatsatiza mawu atatu mwa ndondomeko yake: chochita, kalasi, chaka. Pamapeto pake, "chonde". Ukasiya liwu limeneli, inkangokuonetsa zimene ikanachita, osakhudza kanthu. Ukasemphanitsa mawu, inkayankha kuti, "Mwayambira kumchira."

Mlembi wa sukuluyo anali mayi amene makinawo anamunyoza zaka khumi ndi ziwiri.

"Bambo, kodi kompyutayi ndi apongozi anga kuti ndiziigwadira?"

"Apongozi amakhululuka, mayi. Iyi ikafufuta, yafufuta."

Ahedi atsopano atabwera, anafuna kudzionetsa pamaso pa aphunzitsi. Pulogalamu inawauza zakumchira zija katatu, anthu n'kumaseka chamumtima. Pamsonkhano wotsatira ahediwo anafunsa ngati pulogalamuyo sichedwetsa ntchito. Mlembi ankadziwa kuti sichedwetsa, koma poopa ahedi anavomera ndi mutu. A Chonde anamuyang'ana, anatsuka kapu yawo ya tiyi, n'kupita nayo kwawo. Mwezi usanathe ahedi anawapumitsa ntchito a Chonde.

Mphwake wa ahedi anaikonza pulogalamuyo tsiku limodzi: liwu la "chonde" lichoke, ndipo chaka chikasowa, makina atenge zaka zonse. Sanauze munthu za chakacho. Sabata yotsekera sukulu, mlembi pofuna kufufuta malikisi akale a kalasi yomaliza, zala zinachita mwachizolowezi. Analemba "fufuta" ndi kalasi basi, kuti aone kaye zaka zimene zilipo. Makina sanafunse. Malikisi onse anapita, ndi a chaka chino omwe.

Mlembi anathamangira kwa a Chonde, koma anapeza mipando ili panja, azimayi akulira m'nyumba. Pamaliro ahedi analankhula mokoma kuti sukulu yataya mzati. Kalata yochotsa mlembi inali kale m'thumba la jekete lawo, ndipo anamupatsa pobwerera.

Masiku ano muofesi muja muli zii. Palibe amene amanyozedwa. Kompyuta imamvera aliyense msangamsanga, n'chifukwa chake aphunzitsi amaiopa, ndipo malikisi amalemba m'makope mobisa. Mlembi tsopano amataipira anthu makalata m'kachipinda ka kumsika. Ntchito ija saiganiza kwenikweni. Chimene chimamupweteka n'chakuti mkulu wamwanoyo anamwalira iye asanakawapepese.