Amboni ndi Mafuta Omeretsa Tsitsi

Aliyense amene anametetsako mumsewu wathu akudziwa kuti Amboni ankakangana ndi wailesi. Sindikunena zong'ung'udza ayi, koma kukangana kwenikweni, makina ometera ali m'manja, mutu wako utametedwa mbali imodzi.

Wailesi ikati sopo wakutiwakuti amachotsa litsiro lililonse, iwo ankazimitsa makina.

"Lililonse? Bwera udzachape kolala ya adalaivala awa tione."

Ikabwereza, iwo ankati, "Ndamva kale. Ukubwerezabwereza bwanji ngati ukudzikayikira?"

Bodza ankadana nalo koopsa. Ukawafunsa ngati watchena atakumeta, ankakuuza kuti tsitsi alikonza, koma mutuwo sangauchitire kanthu. Tinkabwerabe, chifukwa munthu wotero ukamufunsa kanthu umadziwa kuti wamva zoona.

Dzina la Amboni linabwera chonchi. Tsiku lina kunafika anyamata awiri ovala mataye, atanyamula mabotolo a mafuta omeretsa tsitsi. Wometa wathuyu anali ndi dazi lowala ngati mbale yotsuka kumene. Anyamatawo anawauza kuti ali ndi mawu okoma, oyenera pa wailesi, n'kuwapempha kuti abwereze timawu tingapo pa foni, ati kungoyesa mmene amvekere. Apa ndi pamene anakodwa. Ine ndimati munthu wokangana ndi wailesi tsiku ndi tsiku amakhala akulakalaka atayankhulapo naye.

Pasanapite nthawi, tili pabenchi kudikira kumetedwa, wailesi inatsokomola pang'ono, n'kuyankhula ndi mawu awo: "Ine ndine mboni. Ndinali wadazi, koma lero chipeso chimathyokera m'mutu."

Tonse tinayang'ana dazi lija. Ntchentche inayesa kuterapo, n'kuterereka.

"Si ine ameneyo," iwo anatero.

"Nanga kachifuwa kameneko n'ka ndani?" anafunsa adalaivala.

Kuyambira pamenepo sanaonenso mtendere. Nkhani zisanayambe, ine ndine mboni. Nkhani zikatha, ine ndine mboni. Mpira uli mkati, wosewera watsala yekha ndi goloboyi, ine ndine mboni. Ana a sukulu ankawapatsa moni ndi mawu omwewo. Koma chimene chinawapweteka mtima ndi azibambo amene anagula mafutawo atamva mawu awo. Ankafika pakhomo, kuvula zipewa, kuwaonetsa madazi onyezimira ndi mafuta, n'kumapita.

Anapita kunyumba ya wailesi ija, n'kuweramitsa mutu pamaso pa mayi wolandira alendo.

"Ndabwera ndi umboni weniweni, mayi. Gwirani."

Mayiyo anakana kugwira. Anati uthengawo ndi wa eni mafuta, iwo amangoulutsa.

Atabwerako anayamba kukangana ndi mawu awo omwe. Uthenga ukangoyamba, ankasiya mutu wa munthu, kuima pakhomo n'kuuza msewu wonse: "Akunama ameneyo. Ndimamudziwa bwino, ndimavala naye malaya amodzi."

"Bambo, ingozimitsani wailesiyo," akazi awo ankawachonderera.

"Ndikazimitsa, amutsutse ndani?"

Anamwalira chaka chatha, atadwala masiku ochepa, dazi lili chomwecho. Uthengawo ukuulutsidwabe mpaka lero. Zinatipsetsa mtima, ndipo ife amene ankatimeta tinagwirizana zopita kuwailesi kuja kukauletsa. Tinaona kuti ndi ulemu kuyamba tawauza amayi, akazi awo aja, amene tsopano amasoka zovala m'chipinda chometera muja.

Anatimvetsera, n'kuika pansi nsalu.

"Musapite, ana anga. Moyo wawo wonse bodza ananena limodzi lokha, ndipo mawu awo amene ndatsala nawo ndi omwewo."

Tinatsanzika n'kubwerera. Masiku ano wailesi imanama mmene ikufunira, sopo amachotsa litsiro lililonse, ndipo mumsewu wathu palibe woifunsa. Ine Amboni ndimawasowa kwambiri. Dzulo ndikudutsa pawindo ndinamva kachifuwa kaja, kenako "Ine ndine mboni." Amayi anaimitsa makina osokera, n'kumvetsera mpaka chipeso chitathyoka.

"Mukunama, bambo," anatero motsitsa mawu, n'kukweza wailesiyo pang'ono.