Chivindikiro cha Thobwa la aNachisale

Zoti pulasitiki ali ndi makrisito ndinayamba kuzimva ku Parow, mufakitale ya mabigiri, ndipo ndinaseka. Inu musaseke msanga, manyazi ake ali kutsogoloku.

Ine ndayenda. Ndinaumbapo njerwa ku Lunzu, ndinalonderapo ku Beira, ndinasenzapo nsomba ku Hout Bay. Sukulu yanga ndi maso basi. Ndiye tsiku limene anandiika pa makina a zivindikiro, foromani wathu, mdala wosadziwa kuseka, anandigwira paphewa, n'kunditchula dzina la dziko lathu monga ankachitira.

"Malawi, madzi ozungulira m'chikombolemu usawakhudze. Pulasitiki akasungunuka amakhala ngati ulusi wosokonekera. Akamazizira pang'onopang'ono, ulusiwo umandanda bwinobwino. Makrisito ndi amenewo. Ukamuziziritsa mothamanga amauma asanandande, ndiye amakamalizira kunja, kopanda chikombole chomugwira."

"Yes boss," ndinatero. Koma mumtima ndinati uwu ndi ulesi wovala tayi.

Mdala atapita ku lunch, ndinatsegula madzi ozizira kwambiri, n'kuchepetsa nthawi yodikira. Abale! Zivindikiro zinkagwa ngati mango, zonyezimira, zoonekera mkati. Ndinadziona injiniya.

Nthawi imeneyo ndinkafunsira aNachisale, mayi wamasiye wa ku Balaka, wogulitsa thobwa pa renki ya mataxi ku Nyanga. Zopanga poyesera makina ankatilola kutenga, choncho ndinawapititsira bigiri ndi chivindikiro chake.

"Ichi ndapanga ndekha, mwa nzeru zanga. Ngakhale muligubuduze, silidontha."

"Mukunena zoona, aPhiri?"

"Likadontha mundikane!"

Pakamwa, pakamwa.

Loweruka anati tikaonekere kwa achimwene awo ku Parow komweko, kuti andione ngati ndine munthu. Anathira thobwa lofunda m'bigiri muja, linakhala padzuwa podikira taxi, kenako analikhazika pamiyendo panga. Ine ndili mu suti yobwereka.

Tili m'njira ndinamva kuti thwa! Kuyang'ana, chivindikiro chapindika m'mbali ngati chikopa cha mbuzi choyanika. Makrisito aja anali atayamba kundanda, pa nthawi yawo, pamiyendo panga. Ndinakanikiza uku, kwatukuka uko. Ndinagonekapo chigongono, n'kumamwetulira.

"Bwanji mwakumbatira bigiri?" anafunsa aNachisale.

"Chikondi, mayi."

Pamaloboti dalaivala anaponda buleki.

"Yhuuu!" anakuwa mama wina kutsogolo, thobwa likutsika m'khosi. Suti yonse phala lokhalokha, chimera mpaka m'masokosi. Dalaivala anatitsitsa pomwepo, ndi mawu amene sindingawabwereze.

Titaima m'mbali mwa msewu, aNachisale anatola chivindikiro chija, n'kuchitembenuza modekha.

"Paja munati munaumbapo njerwa?"

"Eya."

"Simunkazifunditsa udzu kuti ziume pang'onopang'ono?"

Zimene foromani ananena m'Chingerezi ndinali nditazidziwa kalekale ndi manja angawa, ku dambo la kwathu. Kungoti zinabwera zitavala dzina lachilendo.

"Ndiye munati likadontha nditani?" anatero.

Mayi uja anali womvera. Anachita monga ndinawauzira.

Lolemba ndinapeza foromani atakhala pa mulu wa zivindikiro zopindika, akuseka koyamba chibadwire.

"Malawi, makrisito wawaona?"

"Ndawavala, boss."

Chimene wachiumitsa mothamanga kumbali chimakapindikira pagulu.

Bigiri lija akuti lilipobe pa renki, amavindikira ndi mbale. Tandipatsirani chipewa changacho. Tiyi mwandipatsayu ndamusiya dala, azizire yekha, ine ndikakwere taxi kusanade kwambiri.