Sikisi Julaye ya Anthu Awiri

Amayi anzanga a Mvano, tamverani zimene ndalota usiku wathawu kuno ku Sikotilandi, kumene mpingo unatitumiza ine ndi abusa imvi zili mbuu.

Ndinalota kwacha pa 6 Julaye, ine ndikusita mbendera yathu m'holo ya tchalitchi kuti tikondwerere ufulu wa dziko lathu ngakhale tili kwa eni. Ndiye mbendera ija inatsokomola n'kunena kuti, "Mayi busa, musadzivute. Dzuwa langa lathawa kuzizira." Kuyang'ana pa mzere wakuda paja, zoonadi, panangotsala chibowo.

Mwadzidzidzi panalowa bwana wa kukhonsolo, tayi pakhosi, fayilo kukhwapa. "Chilolezo cha chikondwerero chili kuti?" Abusa anayamba kufotokoza m'Chingerezi chawo cha paguwa chija, koma bwanayo akumvetsera choncho makutu anatalika, jekete linamera ubweya, mpaka patsogolo pathu panaima nkhosa ya magalasi ikutafuna fayilo yake yomwe.

"Amalawinu mulipo angati?" inafunsa.

"Awiri," anatero abusa.

"Awiri sachita chikondwerero. Pezani wachitatu tiyi asanazizire."

Ndiye ndinatuluka liwiro, mawondo anga a nyamakaziwa osapweteka n'komwe, n'kukwera basi yosanjikizana ija. Basi inakhota pakona ya positi ofesi n'kuima pa Lizulu. Kabichi, kachewere, ana a chimanga chootcha kukuwa m'mawindo. Ndipo apo, pambali pa mulu wa tomato, panaima achemwali anga a Felesita, omwe aja munakawaika mu Meyi ine ndili kuno, mwambo wonse ndikumvera pa foni. Pamutu anasenza lichero, m'licheromo muli dzuwa lothawa lija, lofiira psuu.

"Dolika, wawonda bwanji! Azunguwo sakukudyetsa?"

Ndinagwada m'matope momwemo. "Achemwali, mundikhululukire. Sindinabwere kudzakuperekezani."

"Dzuka iwe, ukudetsa yunifolomu. Ukanabwera ukanandidzutsa? Chimene chinandinyansa ine n'choti nyimbo anaiyambira pamwamba, a Nasimango a kwaya aja mawu n'kuwathera pa ndime yachiwiri. Ndili m'bokosi muja ndinati, Dolika akanakhalapo sizikanatero." Anaseka mpaka kugwira nthiti. "Tiye, ndamva kuti mwaperewera munthu."

Ndiye tinalowa pakhomo la golosale, mwadzidzidzi tatulukira m'holo muja. Achemwali anamata dzuwa pa mbendera ndi malovu, mbendera n'kuti, "Eyaa, kwafunda!" Abusa anagoneka guwa pansi n'kulisandutsa ng'oma, ife chimtali chinayaka. Agogo achizungu asanu ndi awiri a mumpingo mwathu muno anataya ndodo zawo n'kulowa m'bwalo, m'chiuno atamanga makatani. Nkhosa inadinda pansi ndi chiboda, "Zaloledwa!" nayonso n'kuyamba kutimba.

Ine ndinagwira dzanja la achemwali. Linali lofunda, lokhakhala ngati mmene linkakhalira pondisambitsa ndili mwana. Mumtima ndinati ulendo uno sindilisiya, zivute zitani. Koma ng'oma ija inayamba kuchepa mawu, kuchepa, mpaka kumangoti ngwe, ngwe, ngwe.

Kutsegula maso, ndi abusa aima pambali pa bedi akutakasa shuga m'kapu.

"Mumalira kutulo, amayi," anatero.

"Ndawaona achemwali."

Anaika kapu ija pansi pang'onopang'ono n'kukhala pabedi. "Ali bwanji?"

"Anenepa," ndinatero.